Chaphulika mu Uvuni wa Amayi

Phokosolo linamveka dzuwa lisanafike pamutu. Silinali lalikulu ayi, linangoti phuu ngati tayala la njinga, kenako kunamveka tinthu tikuwazika mkati ngati timiyala pamalata. Koma aliyense m'nyumba youmbiramo zadongo anasiya zimene amachita n'kutembenukira ku uvuni.

Kamwezi anali akukanda dongo patebulo la kuzenera, ndipo manja ake anangouma momwemo. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake chifukwa cha zimene amaumba: zinthu zobulungira, zoyera, zotsekeka mbali zonse, zimene anthu okonda zaluso amagula n'kukaika pabalaza kuti azingoziyang'ana. Anzakewo ankazitcha miyezi. Mwezi waukulu kuposa yonse imene anaumbapo unali mu uvuniwo, ndipo moto unali utayaka kuyambira m'mawa.

Chitseko cha chipinda cha mkati chinatseguka. Anatulukamo Amayi, eni ake a malowo, amene ziboliboli zawo zinafika m'maholo a zionetsero kumene iwo eni sanapondeko. Onse ogwira ntchito pamenepo ankawatcha Amayi, koma wobadwa mwa iwo anali mmodzi yekha, mnyamata woyang'anira uvuni, amene anthu ankangomuti Wamoto.

"Ndamva ndekha, kapena nanunso mwamva?" anafunsa Amayi.

"Chaphulika chinthu mkati, Amayi," anatero Wamoto, dzanja lili pa kachitsulo kotsegulira gasi.

"Makutu ndili nawo. Cha ndani?"

"Sitingadziwe mpaka titatsegula."

Ndipo kutsegulako sikunali kwa lero. Uvuni ukayaka sautsegulira pakati, chifukwa mphepo yozizira ikangolowa, ndi zabwinobwino zomwe zimang'ambika. Moto unayenera kumaliza ntchito yake, kenako uvuniwo uzizire wokha tsiku lonse lotsatira. Anthu anayenera kudikira, ndipo palibe chozunza ngati kudikira chinthu chimene chachitika kale.

Pakati penipeni pa uvuniwo panaima chiboliboli cha Amayi, mkazi wamtali atakweza manja m'mwamba. Anachiumba kuyambira chaka chatha, ndi zala zotupa ndi nyamakazi, ndipo ndicho chinayenera kuima pakhomo pa chionetsero chawo chachikulu. Aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe wolimba mtima kunena, kuti manja amenewo sadzaumbanso chachikulu chotero.

"Lamulo langa mukulidziwa," anatero Amayi mosakweza mawu. "Amene chake chaphulika mu uvuni wanga amatenga zake n'kumapita. Sindifunsa kuti ndi mwana wa ndani."

Ankalankhula kwa onse, koma maso awo anakathera kutebulo la kuzenera.

*

Kuseri kwa nyumbayo kunali kakhonde kosungirako matumba a dongo, ndipo n'kumene Kamwezi ndi Wamoto ankabisala akafuna kulankhulana. Chibwenzi chawo chinali chachinsinsi, ngakhale chinsinsi chake chinali cha mtundu uja wodziwa aliyense. Kamwezi anafika n'kukhala pa thumba.

"Ndine," anatero. "Wamoto, ndine."

"Usayambe."

"Sindikukumbukira ngati ndinaboola."

Chinthu chotsekeka mbali zonse chimafuna kabowo, ngakhale kakang'ono ngati diso la nyerere, kotulukira nthunzi moto ukagwira. Kakasowa, chinthucho chimatha kuphulika n'kuvulaza zoyandikana nazo. Wophunzira aliyense amauzidwa zimenezi asanaphunzire n'komwe kumanga epuloni, ndipo Kamwezi anali asanaiwalepo chiyambire.

"Tsiku lija ndinali nditagwira singano m'manja," anapitiriza. "Ndinatembenuza mwezi uja kuti ndiboole kunsi. Ndiye unalowa iwe."

Wamoto anayang'ana pansi. Onse awiri ankakumbukira zimene zinachitika atalowa. Anamugwira m'chiuno chakumbuyo, n'kumunong'oneza kuti watopa ndi zobisalabisala, akufuna akhale mkazi wake. Kamwezi anaseka, kenako analira, kenako anavomera. Anagwirizana kuti uvuni ukatsegulidwa, Amayi ali osangalala ndi chiboliboli chawo, ndi pamene Wamoto adzawauze. Koma za singano ija, mutu wa Kamwezi unangoti zii.

"Ndikuona ndili nayo m'manja, kenako ndikuona ndikupukuta misozi," anatero Kamwezi. "Pakati pakepo palibe kanthu. Unasankhiranji nthawi imeneyo, iwenso?"

"Ndiye ndikanadikira upume kaye? Iwe sumapuma."

"Usandiseketse, sindikufuna kuseka. Polongedza mu uvuni unaunyamula ndiwe. Unaona kabowo?"

Maso a Wamoto ankangothawira kuchitseko.

"Sindinayang'ane," anatero. "Koma si chako chaphulika."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndikungodziwa. Tamvera, zikavuta ndidzanena kuti ndine ndinafulumiza moto. Sangandithamangitse ine."

"Anena okha kuti safunsa mwana wa ndani."

"Amatero pakamwa pokha."

Koma mawu akewo anatuluka mopanda mphamvu. Wamoto anali mnyamata wamtali, wamapewa otambalala, wonyamula mashelefu a uvuni ngati mbale, koma mayi ake akangotsokomola m'chipinda china ankaimirira. Kamwezi ankamukonda ndi mantha akewo, poganiza kuti munthu woopa mayi ake sangakhale wankhanza. Anamugwira dzanja n'kupeza kuti likuzizira kuposa lake.

*

Madzulo asanaweruke, Kamwezi analowa m'chipinda cha utoto kukatsuka zidebe, chifukwa manja akakhala chabe mtima umalongolola. Mmenemo munali Wautoto, mtsikana wosakaniza utoto wonyezimira umene amapaka pa zoumba. Anali waluso, zimenezo tisamumane, ndipo Amayi ankamukonda moti ankamutuma ngakhale kunyumba kwawo. Anthu ankanong'onezana kuti Amayi anasankha kale mpongozi, kungoti mwana wawo sanamve bwino.

"Pepa wee," anatero Wautoto akutakasa m'chidebe. "Nkhope yako ikuchita kumvetsa chisoni."

"Ndili bwino."

"Ine zanga zonse zili ndi pakamwa. Mbale, makapu, mavazi. Ndimagona tulo. Koma inu a miphika yopanda pakamwa, kaya."

Kamwezi anatsegula mpopi kwambiri kuti madzi aphimbe mawuwo, koma Wautoto anabwera n'kuutseka. Anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa singano ya chigwiriro chamtengo, ija yobowolera dongo.

"Si yako iyi? Ndinaitola pansi pa tebulo lako, tsiku lija munali otanganidwa." Anamwetulira. "Sindinafune kusokoneza. Ndinangoima pakhomo pang'ono n'kubwerera."

Kamwezi anailandira. Anayang'ana kunsonga kwake, kufunafuna kadongo kouma kosonyeza kuti inalowa penapake. Inali yoyera mbee.

"Unaipukuta?" anafunsa.

"Ine? Sindikumbuka. Mwina eya, mwina ayi. Kuiwala si kwa munthu mmodzi."

"Ukufuna chiyani kwa ine?"

"Palibe. Ndikungokumvera chisoni, mnzanga. Ukanakhala m'bale wanga ndikanakuuza kuti ulongedze lero, usadikire kuchita manyazi pagulu. A Wamoto ndi munthu wabwino, koma kodi unawaonapo akutsutsa mayi awo? Ngakhale pa nkhani ya shuga wa mu tiyi?"

"Zathu zisiye."

"Ndazisiya. Nanga ine ndalowamo pati?"

Kamwezi anatuluka zidebe zisanayere. Singano ija anaifumbata mpaka inamulasa pachikhatho, koma anazindikira atafika kale pamsewu.

*

Kamwezi ankakhala ndi mkulu wake m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Mkuluyo anali telala, ndipo Kamwezi anamupeza akupinda mpendero wa siketi ya kasitomala, mapini ali kukamwa. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kusoka.

"Ndiye ukuti mwamuna akukufunsira, iwe n'kuiwala kuboola mpira?" anatero atachotsa mapiniwo.

"Si mpira, asisi."

"Chinthu chobulungira chopanda pothirira madzi ndi mpira. Ine ndinakuuza kalekale kuti uziumba makapu ngati anzako. Kapu siphulika."

"Asisi, ndikuopa."

Telala uja anaika siketi pambali. Anamuyang'ana mng'ono wake bwinobwino, nthabwala zonse zitatha.

"Ukuopa kutaya ntchito kapena mnyamata?"

"N'chimodzi. Ndikachoka paja, mayi ake sadzalola kumva dzina langa. Chiboliboli chija ndi moyo wawo. Munthu angakwatiwe bwanji m'nyumba imene anaswamo chinthu chotero?"

"Nanga mwini wakeyo akuti chiyani?"

"Akuti adzanena kuti ndi iye."

"Mmm. Amuna polonjeza amakhala ndi mawu okoma. Muimbire, ndimve ndekha."

Kamwezi anaimba. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. Ndiye analemba meseji: "Wautoto anatola singano yanga. Ilibe dongo. Ndikufa ndi mantha, chonde ndiyankhule."

Yankho linabwera atatsala pang'ono kutaya mtima. "Ndili ndi Amayi, sindingayankhe. Usaope."

"Akuti chiyani?"

"Sakuyankhula. Angokhala."

"Ndibwere ndidzawauze ndekha? Mwina ndikavomera ndisanagwidwe adzandimvera chisoni."

Apa yankho linabwera msangamsanga, ngati foni inali kale m'manja. "Ayi. Usanene kanthu kwa aliyense. Ndikukupempha."

Kenako panabwera ina: "Ndimakukonda. Chilichonse chingachitike, uzikumbukira zimenezo."

Kamwezi anaonetsa mkulu wake, akuyembekeza kuti amulimbitsa mtima. Telala uja anawerenga, n'kukweza nsidze.

"Chilichonse chingachitike," anabwereza. "Ine mawu amenewo sindiwakonda. Amene anandiuzapo zimenezo ali ndi ana atatu kwina."

Anatenganso siketi ija n'kupitiriza kusoka. Kamwezi anakhala pamphepete pa bedi, chakudya chili chizizirire patebulo.

*

M'mawa mwake uvuni unali duu pakona pake, moto utazima, njerwa zake zikutulutsabe kutentha. Aliyense podutsa ankaulambalala ngati galu wolusa. Wamoto anakhala tsiku lonse akupala mashelefu akale amene sankafunika kupalidwa, ndipo Kamwezi akamuyandikira ankapeza chonyamula n'kupita nacho panja.

Chakumasana Wautoto anabwera kutebulo la kuzenera. "Amayi akukufuna," anatero, nkhope ili ngwee.

M'chipinda cha Amayi munali fungo la mafuta otikitira. Anakhala pampando wawo wansanamira zazitali, manja ali pamiyendo, zala zitapindika ngati mizu. Pashelefu kumbuyo kwawo panali tiziboliboli tating'ono ta mkazi wokweza manja uja, timene anayesera asanaumbe chachikulucho.

"Tseka chitseko. Nditsegulire botolo ili, landikanika."

Kamwezi anatsegula. Amayi anatambasula dzanja, ndipo iye anazindikira kuti akufuna awatikite. Anagwada n'kuyamba kupaka mafutawo pa chala chimodzichimodzi.

"Manja uli nawo," anatero Amayi. "Ndinaona tsiku loyamba. Zimene umaumbazo sindizimvetsa, mphika wopanda pakamwa kwa ine ndi mwano, koma manja uli nawo."

"Zikomo, Amayi."

"Usathokoze, sindinamalize. Kuseri kwa matumba a dongo kuja mumakatani ndi mwana wanga?"

Kamwezi anafuna kukana, koma lilime linakana kunama.

"Timakondana, Amayi."

"Ndikudziwa. Mumayesa ndakalamba mpaka maso? Galu wamkota sakandira pachabe." Anatembenuza dzanja kuti awatikite kuseri. "Ndinali ndi mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi. Tinayamba limodzi ntchito ino. Tsiku lina anaika mu uvuni mtsuko wosauma chifukwa kasitomala ankamufulumiza, n'kuswa ntchito ya anthu onse. Ndinamuuza kuti azipita. Mpaka lero tikakumana timangopatsana moni ngati anthu a pabasi."

"Simunamukhululukire?"

"Kukhululuka ndinakhululuka. Koma uvuni ndi wa tonse, mwana iwe. Ukaika chako, waika pafupi ndi thukuta la mnzako. Munthu wosasamala za mnzake mu uvuni sangasamale za mnzake m'nyumba." Anamuyang'ana m'maso. "Ndiye tamva. Mawa tikatsegula, chikakhala chako, uchoke mwakachetechete ndipo mwana wanga umuiwale. Ndikamva kuti mukuonanabe, ndiye kuti iyenso wasankha, ndipo alibe mayi."

"Nanga chikakhala kuti si changa?"

Pakona pa milomo ya Amayi panaoneka kanthu kofanana ndi kumwetulira.

"Ndiye udzabwere kunyumba, udzandiuze bwinobwino kuti ndiwe mwana wa ndani. Mawu anga sindibweza, abwino ndi oipa omwe. Kodi pali chimene ukufuna kundiuza lero?"

Mawu anafika pakhosi pa Kamwezi. Akanangoti, sindikukumbukira ngati ndinaboola, katundu yense akanatsika. Koma anakumbukira meseji ija yomupempha kuti asanene kanthu.

"Palibe, Amayi."

"Chabwino. Tseka botolo."

*

Tsiku lotsegula, onse anafika m'mamawa osaitanidwa. Ngakhale oumba awiri achikulire, amene nthawi zonse ankafika tiyi atazizira, anali ataima kale kukhoma manja ali kumbuyo. Wina anabweretsera Amayi mpando, koma iwo anakana kukhala. Wamoto anavala magolovesi, anagwira chitseko cha uvuni, n'kuima choncho mpaka mayi ake anati, "Ukudikira wansembe?"

Chitseko chinatseguka ndi kulira kwa chitsulo. Kunatuluka kafungo ka dothi lopsa. Kamwezi anatseka maso, ndipo amene anayamba kulankhula anali mmodzi wa achikulire aja.

"Mwezi uli bwinobwino."

Anatsegula maso. Mwezi wake unali pashelefu ya m'mwamba, wathunthu, wopanda ngakhale mng'alu. Wamoto anautsitsa n'kuuika patebulo, ndipo Kamwezi anaupendeketsa. Kunsi kwake kunali kabowo kaukhondo, pakati penipeni. Manja ake anali atagwira ntchito yawo mutu uli kwina.

Misozi inangotsika yokha. Anafuna kuseka, kukumbatira aliyense, ngakhale Wautoto amene. Anatembenuka kuti aone nkhope ya Wamoto, kuti asangalale limodzi, koma Wamoto sankayang'ana kwa iye.

Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti m'nyumbamo muli zii. Mkazi wa Amayi uja anali chiimire pakati pa uvuni, koma dzanja limodzi linali litaduka paphewa, ndipo pachifuwa panali chibowo cholowa nkhonya. Pansi ponse panali mapale. Amayi anayandikira pang'onopang'ono n'kugwira paphewa podukapo, monga mmene munthu amagwirira mwana wodwala. Sanalire, ndipo kusalirako kunaopsa kuposa kulira.

"Tulutsani zonse," anatero. "Aliyense aime pa zake."

Anatulutsa. Mbale ndi mavazi a Wautoto zinali zonse, kupatula ziwiri zobenthuka. Za achikulire aja zinakwana. Miyezi ing'onoing'ono ya Kamwezi inakwananso. Aliyense anaima pa zake, ndipo panalibe amene chake chinasowa.

Mmodzi wa achikulire aja anatola phale n'kulitembenuza. "Ichi sichinali chogoba mkati," anatero. "Taonani kunenepa kwake, ngati njerwa. Ndipo chinalowa chisanaume. Ndani angaike chinthu chotere mu uvuni?"

Wamoto anali atayamba kusesa mapalewo mofulumira. Kamwezi anamuona akuwerama, akutola phale lina lalikulu ngati chikhatho, n'kulilowetsa m'thumba la epuloni. Anachita mwachangu, koma m'nyumbamo munali maso ena amene sankamuchoka.

"A Wamoto," anatero Wautoto mokoma, "nanga chimene mwaika m'thumbacho n'chiyani?"

"Palibe. Zinyalala."

"Bwera nacho," anatero Amayi.

"Amayi, ndi phale chabe."

"Ndati bwera nacho."

Anachitulutsa. Amayi anachilandira n'kuchitembenuzira kuwala kwa pazenera, ndipo onse anachiona. Linali theka la nkhope ya mkazi: diso lotsinzina ndi kuseka, tsaya, ndi mbali ya milomo. Panalibe wofunika kuuzidwa kuti ndi ya ndani. Inali nkhope ya Kamwezi, youmbidwa mosamala ndi munthu amene anaiyang'ana nthawi yaitali.

Kamwezi sanaumbepo nkhope chibadwire. Wolongedza mu uvuni anali mmodzi yekha, ndipo anali ataima apo thukuta lili kamukamu. Tsono n'chifukwa chake ankalimbikira kuti si chake chaphulika. Anamuumbira mphatso mobisa, anaifulumizira kuti ituluke pa tsiku lowauza mayi ake, ndipo phokoso lija litamveka anadziwa, n'kumusiya iye akuvutika yekha ndi singano. Chikondi ndi mkwiyo zinamukwera limodzi.

"Ndinakufunsa dzulo," anatero Amayi, akumuyang'ana Kamwezi. "Unagwada pamaso panga, manja anga ali m'manja mwako, ndinakufunsa ngati pali choti undiuze. Unati palibe."

"Amayi, si ine ndinaumba chimenecho."

"Nanga ndani? Nkhope ndi yako. Mwayamba kudziumba nokha atsikana a masiku ano, kudziyang'ana pagalasi sikukukwanirani. Unadziwa kuti ine sindingalole chinthu chosagoba mu uvuni wanga, ndiye unanyengerera mwana wanga kuti akuikire kuseri kwa chiboliboli changa."

"Si choncho, Amayi. Mufunseni."

"Ndimufunse chiyani? Mwana wanga saumba. Ndinamuuza ali wamng'ono kuti manja ake ndi a moto, si a dongo, ndipo sanagwirepo dongo chiyambire. Sangandinamize zaka zonsezi." Anatembenukira kwa iye, phale lija lili m'dzanja lawo. "Si choncho, iwe? Yankhula. Ukandiuza kuti unaumba ndiwe, utuluke pakhomo ili lero lomwe, ndipo usadzanditchulenso mayi."

Wamoto anavula magolovesi pang'onopang'ono. Anayenda kudutsa pakati pa matebulo n'kudzaima pambali pa Kamwezi, pafupi kwambiri moti phewa lake linakhudza la iye. Wabwera, anaganiza Kamwezi. Akuopa, koma wabwera, ndipo tituluka limodzi.

Wamoto anayang'ana mayi ake, anayang'ana chiboliboli chodukacho, kenako anaweramitsa mutu.

"Amayi," anatero ndi mawu otsika, "mukhululukireni. Sanadziwe kuti sichinaume."

Kamwezi anamva mawu onsewo bwinobwino, chifukwa phewa lija linali likumukhudzabe.